Kupala moto wa foni: zomwe Michael Faraday adatisiyira

Kwathu ku Nambuma foni ikazima timati yatha moto. Mawuwa tidawasankha bwino, chifukwa m'dera lomwe nyumba zambiri zilibe magetsi a ESCOM, moto wa foni timausamala ngati mmene agogo athu ankasamalira chikuni cha usiku. Mlimi wa fodya amadikira pafoni uthenga wa malonda ake a ku Kanengo. Mayi amadikira ndalama ya Airtel Money kapena Mpamba yochokera kwa mwana wake ku Joni. Wakabaza amaimbiridwa pakati pa usiku kuti akanyamule wodwala. Foni ikazima pa nthawi yolakwika, zambiri zimaima.

Kale moto ukazima m'nyumba, mwana ankatumidwa ndi phale kukapala kwa anansi. Tsopano pamsika pafika nkhani yoti mafoni nawo amapalana moto. Akuti mungogunditsa misana ya mafoni awiri, popanda chingwe, ina n'kuyamba kudya moto wa inzake. Pachingerezi amati reverse wireless charging. Nkhaniyi njoona, koma si foni iliyonse yomwe imatero. Ndipo mukudziwa inu, pomwe pali chinthu choona koma chosamveka bwino, akamberembere sachedwa kufika. Pa intaneti padzaza maapu olonjeza kuti foni iliyonse itha kugawa moto, ndipo ogulitsa ena a mafoni a kaunjika amavomera chilichonse chomwe wogula wafunsa, bola ndalama ilowe m'thumba.

Ndiye kodi foni yanuyo ingagawire inzake moto? Yankho lili m'kati mwa foniyo, pansi pa chivindikiro chakumbuyo. Kuti timvetse chomwe chiyenera kupezeka m'menemo, ndi chifukwa chake apu singachilowetsemo, ndikufuna ndikufotokozereni za munthu wina yemwe adamwalira mu 1867, foni yoyamba isanapangidwe n'komwe. Dzina lake ndi Michael Faraday.

Faraday adabadwa pa 22 Seputembala 1791 ku Newington Butts, dera lomwe lero lili kummwera kwa mzinda wa London ku England. Adali mwana wachitatu mwa ana anayi. Bambo ake, a James, adali osula zitsulo, ngati amisiri omwe timawaona pamsika akusula makasu ndi nkhwangwa, koma ankadwaladwala moti ntchito sinkayenda. Mayi ake, a Margaret, ndiwo ankalimbana ndi ana. Mu 1801 chakudya chidakwera mtengo ku England, ndipo Faraday atakula ankakumbukira kuti nthawi ina adapatsidwa lofu imodzi ya buledi kuti adye sabata yathunthu. Aliyense yemwe adaona njala ya 2002 kuno kwathu sakufunika kumumasulira zimenezi.

Sukulu adangoilawa. Adaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu a pulayimale basi. Ali ndi zaka 13 adayamba ganyu yoperekera nyuzipepala kwa George Riebau, mwini shopu ya mabuku. Mu 1805 Riebau adamulemba kuti aphunzire ntchito yosoka ndi kumata mabuku kwa zaka 7. Apa mpomwe mwayi udabisala. Mabuku omwe anthu ankabweretsa kuti awasoke, mnyamatayu ankayamba wawawerenga. Adawerenga nkhani ya magetsi mu Encyclopaedia Britannica, adawerenganso buku la sayansi ya zosakanizasakaniza lolembedwa ndi mayi wina, Jane Marcet. Chomwe chimandisangalatsa ine nchakuti sankangowerenga n'kukhulupirira. Tindalama tochepa tomwe ankapeza ankagulira mabotolo akale ndi tizitsulo, n'kuyesa yekha ngati zolembedwazo zidali zoona. Khalidwe limeneli sadalisiye mpaka ukalamba.

Mu 1810, chaka chomwe bambo ake adamwalira, adayamba kupita ku maphunziro a usiku omwe John Tatum ankachititsa kunyumba kwake. Ndalama yolowera ankamulipirira ndi mkulu wake Robert, yemwe adatsata ntchito ya bambo awo yosula zitsulo. Kenaka mu 1812 kasitomala wina wa pashopu, William Dance, adamupatsa matikiti okamvera Humphry Davy, katswiri wotchuka wa sayansi panthawiyo, ku Royal Institution. Faraday adamvera maphunziro anayi, adalemba zonse, adajambula zipangizo, n'kusoka zolembazo kukhala buku lokongola la masamba oposa 300. Bukulo adalitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito. Adalibe satifiketi yoti aonetse, choncho adaonetsa ntchito ya manja ake.

Davy adali atavulala m'maso chinthu china chitamuphulikira mu labotale, ndipo kwa kanthawi adamugwiritsa ntchito Faraday ngati mlembi. Kumayambiriro kwa 1813 wothandizira mu labotale ya Royal Institution adachotsedwa ntchito atamenyana ndi munthu wina, ndipo mu Malichi malowo adapatsidwa kwa Faraday. Ntchito yake idali kutsuka mabotolo, kupukuta zipangizo ndi kukonzera bwana wake zoyesera.

Mu Okutobala chaka chomwecho Davy adanyamuka ulendo wozungulira maiko a ku Ulaya ndipo adamutenga Faraday. Wantchito wa m'nyumba wa Davy adakana kupita, choncho ntchito zakezo zidagwera Faraday. Mkazi wa Davy, Jane, ankamuona ngati wantchito wamba, wosayenera kukhala patebulo limodzi ndi mabwana. Zidamuwawa mtima moti adaganizapo zothawa n'kubwerera kwawo. Koma adapirira miyezi 18, ndipo pa ulendowu adakumana ndi André-Marie Ampère ku Paris komanso Alessandro Volta ku Milan, yemwe adapanga batire loyamba mu 1800. Maina a anthu awiriwa mumawaona tsiku ndi tsiku osadziwa: zilembo za V ndi A zomwe zili patchaja yanu zikuimira iwowa. Ulendowu ndiwo udali yunivesite ya Faraday.

Mu 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark adaona kuti waya wodutsa magetsi amasuntha singano ya kampasi. Apa zidadziwika kuti magetsi ndi maginito nzapachibale. Chaka chotsatira, mu Seputembala 1821, Faraday adapangitsa waya wodutsa magetsi kuzungulira maginito osaima. Ichi ndicho chiyambi cha mota yamagetsi, yomwe lero imazunguza chigayo ndi makina ometera. Chaka chomwecho, pa 12 Juni, adali atakwatira Sarah Barnard, wa mpingo umodzi ndi iye, kampingo kakang'ono ka Sandemanian. Awiriwa sadakhale ndi ana, koma adalerako ana a abale awo ndipo adakhala limodzi zaka 46.

Kutchuka kudabwera ndi zowawa zake. Anthu ena adamunena kuti wabera maganizo a William Wollaston, mnzake wa Davy, yemwe adayesapo zofananako koma osaphula kanthu. Mu 1824, pomwe Faraday ankasankhidwa kukhala membala wa bungwe la akatswiri la Royal Society, Davy yemweyo, bwana wake, adalimbana nazo kuti asasankhidwe. Adasankhidwabe. Zoterezi ifenso timazidziwa, mwana wa ganyu akayamba kuposa mwini munda, moni amayamba kuvuta. Faraday sadabwezere. Adapitiriza ntchito, mu 1823 adasandutsa mpweya wa chlorine kukhala wamadzi, ndipo mu 1825 adatulukira benzene n'kukhala mkulu wa labotale yomwe ankatsukamo mabotolo ija.

Koma funso limodzi lidamukakamira. Ngati magetsi amabala mphamvu ya maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Adalilemba m'kope mwake mu 1822. Adayesa kangapo m'zaka zotsatira, osaona kanthu. Ankaika maginito pafupi ndi waya, singano yoyezera ili duu. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa 29 Ogasiti 1831 adatenga mphete yachitsulo yotambalala mainchesi pafupifupi 6, yooneka ngati nkhata yosenzera mtsuko. Mbali imodzi ya mpheteyo adakulungako waya wa kopa, mbali inayo n'kukulungako waya wina. Pakati pa mizere ya waya adaikamo ulusi ndi nsalu kuti isakhudzane, ndipo mawaya a mbali ziwirizo sadalumikizane paliponse. Waya woyamba adaulumikiza ku batire. Wachiwiri adaudutsitsa pamwamba pa singano ya maginito yomwe idali chapatali. Atangolumikiza batire, singano idagwedezeka, kenaka n'kubwerera mmalo mwake n'kukhala chete, ngakhale batire lidali likadali cholumikiza. Atachotsa batire, singano idagwedezekanso, koma kulowera mbali ina.

Gwiritsitsani mfundo imeneyi, abale anga, chifukwa yankho la funso lathu lagona pamenepa. Magetsi adaoloka kuchoka m'waya wina kupita m'waya wina popanda kukhudzana. Koma adaoloka pa nthawi ziwiri zokha, poyatsa ndi pozimitsa. Magetsi akamangoyenda mwakachetechete osasintha, waya wachiwiri salandira kalikonse. Chomwe chimadzutsa magetsi m'waya wachiwiri ndi kusintha kwa mphamvu ya maginito. N'chifukwa chake zaka zonse zija sankaona kanthu: ankayang'ana zinthu zitakhazikika kale, pomwe chinsinsi chidali pa kamphindi kosinthirako.

Pa 17 Okutobala adalowetsa maginito m'kati mwa waya wokulungidwa n'kuwatulutsa, singano n'kugwedezeka polowa ndi potuluka. Pa 28 Okutobala adazunguza mbale ya kopa pakati pa maginito akuluakulu, n'kupeza magetsi osaduka. Ameneyu ndiye kholo la jenereta ndi dayinamo ya njinga. Pa 24 Novembala zotsatirazi zidawerengedwa ku Royal Society. Ku America munthu wina, Joseph Henry, adaonanso zofananazi payekha m'nyengo yomweyo, koma Faraday ndiye adayamba kuzisindikiza.

Tsopano tibwere ku foni. Foni yomwe imatchaja popanda chingwe ili ndi koyilo, waya wa kopa wopyapyala wokulungidwa ngati kankhata kophwatalala, pansi pa chivindikiro chakumbuyo. M'kambale kotchajira mulinso koyilo ina. Awa ndi mawaya awiri a Faraday aja. Kusiyana kwake nkwakuti Faraday ankayatsa ndi kuzimitsa ndi dzanja, pomwe kambaleko kamatembenuza magetsi uku ndi uku koposa ka 100,000 pa sekondi imodzi, kuti kusintha kuja kusathe. Makampani adagwirizana njira imodzi yochitira zimenezi yotchedwa Qi, kutchula kwake n'kuti chi, yomwe bungwe la Wireless Power Consortium lidatulutsa mu 2010.

Kuti foni ilandire moto mwa njirayi, imafunika koyilo ndi kachipangizo kowongola magetsi otembenukatembenukawo kuti alowe m'batire. Kuti igawe moto, imafunika zoposa pamenepo. Magetsi a m'batire amayenda njira imodzi osasintha, ngati nthawi ija singano ya Faraday idakhala chete. Ndiye payenera kukhala kachipangizo kena kotha kuwadula ndi kuwatembenuza mwaliwiro lija, n'kuwakankhira m'koyilo, kwinaku kakulankhulana ndi foni yolandirayo kuti kadziwe mlingo wofunika. Zimenezi nzogwirika, amazimatira pa bolodi ya foni kufakitale. Apu ndi malangizo chabe. Mutha kulamula ng'ombe kuti zikoke ngolo, koma ngati m'khola mulibe ng'ombe, lamulo lanulo silisuntha ngolo. Kampani itha kutsegula ntchitoyi kudzera m'mapulogalamu atsopano pokhapokha ngati zipangizozo zidaikidwamo kale.

N'chifukwa chake mafoni ogawa moto ngowerengeka, ndipo ambiri ngamtengo wapatali. Huawei Mate 20 Pro ndiyo idatchukitsa zimenezi mu 2018. Mu 2019 Samsung idaziika mu Galaxy S10 n'kuzitcha Wireless PowerShare. Mu 2020 Google idaziika mu Pixel 5 pa dzina loti Battery Share. Koma taonani, ma iPhone adayamba kulandira moto popanda chingwe mu 2017, komabe mitundu yomwe idatsatira kwa zaka zambiri sinkatha kutchaja foni ina pamsana. Kulandira ndi kugawa ndi maluso awiri osiyana. Mafoni ambiri omwe timagwiritsa ntchito kumudzi, ma itel ndi ma Tecno otsika mtengo, ma Galaxy A ambiri, ngakhalenso timafoni ta mabatani, alibiretu koyiloyo. Sangagawe, sangalandirenso. Ngakhale mlamu wanu atabwera ndi foni yogawa moto kuchokera ku Johannesburg, yanu ikakhala yopanda koyilo mugunditsa misana mpaka dzuwa kulowa, osaphula kanthu.

Mphete ya Faraday ikutiuzanso chifukwa chake moto wogawanawu umakhala wochepa. Pa mphete ija chitsulo ndicho chinkanyamula mphamvu ya maginito kuchoka mbali ina kupita mbali ina, ngati ngalande yopititsa madzi kudimba. Pakati pa mafoni awiri palibe chitsulo chotero. Mphamvuyo imayenera kudumpha galasi ndi pulasitiki, ndipo ina imamwazika. Mukasuntha foni pang'ono, kapena chikwama chake chikakhala chochindikala, kutchaja kumaima. Gawo lina la moto limasanduka kutentha, moti zomwe foni yogawa yataya zimaposa zomwe inzakeyo yalandira. Mafoni a Samsung amagawa mawati pafupifupi 4.5, pomwe matchaja ambiri a chingwe a masiku ano amapereka 15 kapena kuposa, ndipo amasiya kugawa batire likatsika kufika pa 30 peresenti. Njirayi idapangidwira timahedifoni, mawotchi, kapena kudzutsa foni yakufa kuti muimbe kamodzi. Siingalowe mmalo mwa sola ya pashopu yotchajira.

Pali zinanso ziwiri za Faraday zomwe zili m'foni mwanu. Mu 1833 ndi 1834 adafufuza mmene magetsi amayendera m'zinthu zamadzi, ndipo mothandizidwa ndi William Whewell wa ku Cambridge adapeka mawu atsopano monga anode, cathode ndi ion. Mukachotsa batire la foni n'kuona palembedwa Li-ion, dziwani kuti kachidutswa komalizako nka Faraday. Mu 1836 adamanga chipinda cha mafiti 12 mbali zonse, n'kuchikuta ndi waya ndi chitsulo chopyapyala. Adalowa m'kati, kunja magetsi akuthetheka pamakoma, koma zipangizo zake za m'katimo sizidaone kanthu. Adaonetsa kuti chitsulo chimatchinga magetsi akunja. Pa chifukwa chapachibale ndi chimenechi, foni yachitsulo msana wonse singatchaje popanda chingwe: chitsulocho chimamwa mphamvu ija n'kutentha. Ndalama yachitsulo kapena kiyi ikatsalira pakati pa mafoni awiri imatenthanso, choncho muzichotsa.

Nkhani ya Faraday yomwe ndimaikonda koposa idachitika mu 1853. Chaka chimenecho ku London kudabuka mchitidwe wozunguza matebulo. Anthu ankakhala mozungulira tebulo, manja ali pamwamba, tebulo n'kuyamba kusuntha. Ena ankati ndi mizimu ya akufa, ena ankati ndi magetsi kapena maginito a m'thupi la munthu. Makalata adamuchulukira Faraday omufunsa maganizo ake. Iye sadawaseke anthuwo, sadawanenenso kuti ngabodza. Adapanga kachipangizo ka matabwa awiri osanjikizana okhala ndi timachubu tagalasi pakati, n'kumangirirako kaphesi kosonyeza ngati manja akukankha. Zidaoneka kuti manja ndiwo ankayamba kusuntha, tebulo n'kutsatira. Anthuwo ankakankha osadziwa. Atawaonetsa kaphesiko kuti azikayang'ana, tebulo lidaleka kuyenda. Adalemba zimenezi m'nyuzipepala ya The Times mu Juni chaka chomwecho, ndipo chomwe chidamudandaulitsa nchakuti anthu ophunzira bwino ankatchula dzina la magetsi pa zinthu zomwe sadaziyese.

Matenda amenewa sadathe. Lero tebulo lija lasanduka apu yomwe imajambula batire likudzaza pagalasi, koma m'kati simukulowa kanthu, iyo ikungodya bandulo yanu ndi kukuonetsani zotsatsa malonda. Mankhwala ake ndi omwe aja a Faraday, kuyesa. Mukafuna kugula foni chifukwa akuti imagawa moto, yambani mwaiika pa kambale kotchajira. Ikapanda kulandira, singagawe. Ikalandira, lowani mu Settings, mbali ya batire, mufufuze mawu monga Wireless PowerShare, Battery Share kapena reverse charging. Mukawapeza, yatsani, muike pamsana pake foni ina yomwe mukudziwa kuti imalandira, ndipo mudikire mphindi zingapo muone ngati nambala ya batire ikukwera. Muchite izi ndalama ikadali m'thumba. Wogulitsa woona sakana kuyesa. Foni yomwe idasinthidwa chivindikiro chakumbuyo muiyese kawiri, chifukwa okonza ena amaononga koyilo potsegula kapena saibwezeramo. Safunsa adadya phula.

Ndipo ngati cholinga chanu n'kungogawana moto pa ngozi, pali njira yotsika mtengo. Mafoni ambiri a Android amatha kupereka moto pang'ono kudzera pa chingwe cha OTG kapena cha USB-C mbali zonse ziwiri, ndipo moto wotayika umakhala wochepa kusiyana ndi wogunditsa misana. Nachonso muyambe mwayesa pa foni yanu musanagule.

Mwina wina afunsa kuti mzungu wa ku London ameneyu akutikhudza bwanji ife kupatula pa mafoni a anthu olemera. Mu 1859, Faraday akadali moyo, sitima ya David Livingstone idalephera kukwera mtsinje wa Shire chifukwa cha mathithi a Kapichira. Mathithi omwe adatsekereza Livingstone ndiwo lero amazunguza makina a EGENCO ku Kapichira, Tedzani ndi Nkula, komwe siteshoni yoyamba idatsegulidwa mu 1966. M'makina onsewo muli maginito ozungulira pafupi ndi waya wokulungidwa, zomwe Faraday adaonetsa mu Okutobala 1831. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo tonse tidaona mdima wake. Thiransifoma yomwe MAREP imapachika pamsika wakumudzi ndi mphete ija ya pa 29 Ogasiti, mawaya awiri osakhudzana pachitsulo chimodzi. Akuba akaiphwasula kufuna kopa, ndiye kuti amasula nkhata za Faraday, chigayo ndi chipatala n'kukhala mumdima. Koma sola imapanga magetsi mwa njira ina. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, adawerenga buku la mulaibulale n'kumanga makina oyendera mphepo pogwiritsa ntchito dayinamo ya njinga. Njira yake idafanana ndi ya Faraday: umphawi, buku lobwereka, ndi manja osaopa kuyesa.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti makomo pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'Malawi ndiwo ankaunikira magetsi a ESCOM, ndipo kumudzi chiwerengero chidali chotsika kwambiri kuposa apo. Loto lotumiza magetsi mtunda wautali popanda waya lidayesedwapo. Nikola Tesla adayamba kumanga nsanja yake ya Wardenclyffe ku America mu 1901, ndalama zidatha, ndipo nsanjayo idagwetsedwa mu 1917. Mpaka lero moto wopanda chingwe wa mafoni umangodumpha mamilimita ochepa. Magetsi ofika m'midzi ya Nambuma, Nsaru ndi Kabudula adzabwera pa mapolo ndi mawaya kapena pa sola, osati pamsana pa foni.

Faraday akadatha kulemera kwambiri. Makampani ndi makhoti ankamulipira bwino akamawayezera zinthu, koma ntchito zambiri zotero adazisiya kuti apeze nthawi yofufuza, ndipo sadalembetse umwini wa chilichonse chomwe adatulukira. Ntchito zothandiza anthu ndizo sankakana. Kuyambira 1836 adakhala zaka pafupifupi 30 akulangiza za nyali zounikira sitima m'mphepete mwa nyanja. Mu 1844 adatumidwa kukafufuza ngozi ya mgodi wa malasha wa Haswell momwe mudafa anthu 95, ndipo adachenjeza za kuopsa kwa fumbi la malasha. Adakana kukhala pulezidenti wa Royal Society. Masamu apamwamba sankawadziwa, moti akatswiri ena ankapeputsa maganizo ake oti mphamvu ya maginito imayala mizere yosaoneka m'malo ozungulira. Mnyamata wina wa ku Scotland, James Clerk Maxwell, ndiye adasandutsa mizereyo kukhala masamu, ndipo masamu amenewo ndiwo adatsegula njira ya wailesi ndi netiweki yomwe foni yanu imasaka pachulu.

Kuyambira cha mu 1839 mutu udayamba kumuvuta. Ankaiwalaiwala, ndipo kwa zaka zingapo adachepetsa ntchito. Adachira n'kutulukiranso zina mu 1845, koma kuiwalako kudapitirira kukula. Mu 1858 Mfumukazi Victoria idamupatsa nyumba ku Hampton Court, komwe adamwalirira pa 25 Ogasiti 1867 ali ndi zaka 75. Adaikidwa kumanda a Highgate ku London pa mwambo wosavuta wa banja, monga mmene adafunira. Mphete yake ija ikadalipo ku Royal Institution, nsalu ndi ulusi wake zili pomwepo.

Ntchito ina yomwe adaikonda moyo wake wonse idali yophunzitsa ana. Maphunziro a ana a nyengo ya Khirisimasi omwe adayamba ku Royal Institution mu 1825 adawaphunzitsa yekha maulendo 19, ndipo akuchitikabe mpaka pano. Ankakhulupirira kuti mwana aone ndi maso ake, agwire ndi manja ake. Apa mpomwe ndili ndi pempho kwa aphunzitsi a sayansi m'masukulu athu a CDSS, omwe ambiri alibe labotale. Zomwe Faraday adachita pa 29 Ogasiti 1831 sizifuna nyumba yagalasi. Zimafuna bawuti wamkulu wa ngolo, waya wokutidwa wa m'mota yakufa, mabatire a tochi ndi kampasi imodzi. Kulungani mawaya awiri pabawutiyo, aliyense maulendo ambirimbiri, osakhudzana. Mapeto a wachiwiri muwakulunge kuzungulira kampasi yomwe ili chapatali. Kenaka muitane mwana mmodzi agunditse waya woyamba ku batire, anzake onse maso ali pasingano, ndipo muwafunse chifukwa chake yagwedezeka kamodzi kokha n'kukhala chete. Mwana yemwe wayankha funso limeneli sadzagulitsidwa apu yogawa moto, ndipo tsiku lina mwina ndiye adzatikonzere thiransifoma yapamsika.